Mitengo Itatu ya Khosi Limodzi

Ntchito yanga ndi yogulira kampani zinthu. Kampani yathu imapanga makatoni, ndipo chilichonse cholowa pageti, kuyambira guluu, mababu, matayala a lole mpaka sopo wa kuchimbudzi, chimayamba chadutsa patebulo panga. Lamulo la ntchitoyi ndi limodzi: usagule kanthu usanafunse mtengo kwa ogulitsa atatu. Timati makoteshoni atatu. Ukawayala patebulo umasankha wotsika mtengo koma wosachititsa manyazi. Anzanga a kuntchito anasiya kalekale kunditchula dzina, amangoti a Koteshoni, ndipo ine ndimavomera mokweza ngati andikweza pantchito.

Choipa n'chakuti lamuloli sindilisiya ku ofesi, ndimabwera nalo kunyumba. Ketulo itapsa tinawiritsa madzi a tiyi m'poto mpaka nditazungulira masitolo atatu. Mwana wathu wamkazi anapita kukoleji ndi chikwama chobwereka chifukwa sutikesi yachitatu ndinali ndisanaione ndi maso anga. Tsiku lina akazi anga, omwe ndi telala, anandifunsa ali ndi mapini pakamwa:

"Kodi bambo, pondikwatira ine munafunsanso kwina kuwiri?"

Ine m'malo moseka ndinakhala bwinobwino n'kuyamba kuphunzitsa. Ndinati lamuloli lili ndi pothawira pamodzi pokha. Chinthu chikakhala chopezeka malo amodzi, chopanda china cholowa m'malo mwake, sufunsa mitengo, umangolipira. Mwamuna wanzeru akanamaliza ndi mawu akuti "ngati inuyo". Ine ndinapereka chitsanzo cha lamba wa makina odulira makatoni. Mayi anangoti "Ohoo," n'kudula ulusi ndi mano.

Makina awo osokera ankakhala pawindo la pabalaza, akuda, opalasa ndi phazi, omwe anabwera nawo m'banja. Ndi amene anatilipirira theka la fizi ya mwana, ngakhale pagulu ndinkalankhula ngati ndinalipira ndekha. Koma zaka zopalasa zinawapweteka bondo lamanja, moti madzulo ankalimanga ndi kansalu. Ndiye tinagwirizana zogula makina amagetsi. Tinkaponya ndalama mu envelopu ya khaki m'dirowa ya kuchipinda, iwo zambiri, ine zochepa koma ndi phokoso. Ndalamazo zinakwana ndithu. Makinawo sitinagule chifukwa ndinali ndi makoteshoni awiri okha, sitolo yachitatu inkati katundu ali m'njira. Mayi ankapalasabe ndi bondo lomanga, ine n'kumawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kenaka khosi linayamba. Poyamba linali ngati chimfine wamba, ndipo ndinachukucha ndi madzi amchere, mankhwala omwe ndimawalemekeza chifukwa safuna koteshoni. Koma ululu unasamukira mbali imodzi, yamanja, n'kukwera mpaka m'khutu. Thupi linatentha. Kumeza malovu kunasanduka ntchito yoti uyambe waiganizira, ugwire tebulo, utsinzine. Kukamwa kunayamba kukana kutseguka, zala ziwiri zinkalowa movutikira, ndipo mawu anga ankamveka ngati a munthu wolankhulira m'chidebe. Za fungo la m'kamwa ndinazidziwira kwa mnzanga wa ku akaunti, yemwe anayamba kundipatsa moni ataima pakhomo.

"Valani nsapato," anatero mayi m'mawa wina. Sanafunse maganizo anga.

Pafupi ndi kwathu pali kachipatala kolipira, ka zipinda zochepa, mabenchi a buluu ndi sikelo pakhomo. Adokotala ake ndi mayi wachitsikana wolankhula mosazungulira. Anandipanikiza lilime ndi kathabwa, n'kuunika ndi tochi, n'kuitana akazi anga kuti nawonso aone, ngati ine ndi nyumba yogulitsa.

"Mwaona tinyama tiwiri ta m'mbali umu? Ndi matonsilo. Kuseri kwa ka kumanjaka kwasonkhana mafinya, chapangika chithupsa. N'chifukwa chake kanyama kolendewera pakatika kakankhidwira kumbali."

"Ndiye titani, adokotala?" anafunsa mayi.

"Chophweka n'kuchotsa mafinyawo lero lomwe. Ndipopera mankhwala ochititsa dzanzi, ndibaya ndi singano ya jakisoni, ndikoka mafinya. Akakanika kutuluka ndicheka pang'ono. Kenaka mapiritsi, muzipita kwanu. Ambiri amapeza mpumulo asanafike n'kunyumba komwe."

Ndinakweza chala ngati mwana wasukulu. "Njira zina?" Zinamveka ngati "nyia yina", koma anandimva.

"Mapiritsi okha amathandiza chikangoyamba kumene. Chanuchi chapsa kale, sindikukulangizani. Njira ina ndi yomwe simungaifune: mukachedwa, kukamwa kukatsekeka, n'kuchipatala chachikulu, kugonekedwa, dripi, mwinanso kuchipinda cha opaleshoni."

Njira zitatu! Mtima wanga unadumpha ngati waona wachibale kuchilendo. Ndinafunsa mtengo wa singanoyo, anandiuza, ndipo mutu wanga unayamba kale kuwerengera m'makina osokera. Mapiritsi okha anali ngati bokosi la ulusi. Singano ndi zonse zake inali ngati mota ya makina amagetsi aja, gawo limodzi mwa magawo anayi a envelopu. Mwezi unali pakati, m'thumba mwanga munali mphepo ndi timakobidi tochepa, ndiye ndalamazo zikanachokera mu envelopu basi. Ndinaona bondo lomanga lija m'maganizo ndipo ndinadzimva kuti ndine mwamuna wachikondi kwambiri.

"Tibweranso," ndinatero.

"Bambo, tili pano kale," anatero mayi. "Ndalama ndatenga."

"Iyi ndi koteshoni imodzi yokha."

Adokotala anayang'ana akazi anga, akazi anga anayang'ana kudenga. Kenaka adokotala anandilembera mapiritsi, poti sakanandimanga pabenchi, n'kunena pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi wogontha: "Mukalephera kumeza, kapena khosi likatupa kunja, kapena kupuma kukavuta, musadikire chilichonse. Mwamva, bambo?" Ndinagwedeza mutu. Ndinamva mtengo, zinazo zinangodutsa.

Titatuluka tinalunjika ku sitolo ya mankhwala. Wogulitsa, bambo wa magalasi ochindikala, anawerenga kapepala kaja n'kundiyang'ana khosi.

"Adokotala anati mapiritsi okha akwanira?"

"Anati amathandiza," ndinayankha. Sindinaname, ndinangodula chiganizo pakati ngati mmene ndimadulira mitengo ya anthu.

"Anati chikangoyamba kumene," anawonjezera mayi kumbuyo kwanga.

"Mayi, nkhani za mitengo zisiyireni ine. Inu ndikakulowererani pa kolala ya shati mungakondwe?"

Ndinalipira ndi ndalama za m'thumba mwanga, envelopu osaikhudza, ndipo ndinatuluka monyada ngati ndapambana mlandu.

Inatsala koteshoni yachitatu. Ndinaimba foni kuchipatala chachikulu cha kutsidya kwa tauni. Mtsikana wolandira mafoni anati "Halo?" kangapo, kenaka anati, "Bambo, mukaledzeruka muimbenso," n'kudula. Ine amene sindilawa n'komwe! Tsiku lotsatira ndinapempha nthawi kuntchito, n'kukwera basi ndi thaulo laling'ono m'manja lopukutira dovu, chifukwa tsopano malovu ankadzisankhira okha njira. Ndinaima pamzere wa pawindo la malipiro pakati pa anthu odwala, ine ndekha ndili wodzafunsa mitengo. Mayi wa pawindopo anandiuza kuti singano kumeneko ndi yotsikirapo pang'ono, koma dokotala wa makutu ndi khosi amaona odwala oyenda okha Lachinayi basi. Za kugonekedwa ndi opaleshoni anatchula ndalama yomwe inameza makina onse amagetsi, tebulo lake, mpando, n'kutsala ikadali ndi njala.

"Koma bambo, mmene mukumvekeramu, bwanji osangolowa kwa odwala mwadzidzidzi?" anafunsa.

Ndinaloza wotchi, kusonyeza kuti ndine munthu wotanganidwa.

Ku ofesi ndinajambula mizere itatu papepala monga mwa ntchito, ndipo zinaoneka bwino zedi. Chigamulo changa chinali chakuti ndipitirize mapiritsi, ndipo akapanda kugwira ntchito ndikabayitse Lachinayi kotsika mtengo kuja. Ndikanapulumutsa ndalama yokwana mwina sizasi yabwino. Za basi yomwe ndinakwera popita ndi pobwera sindinaziwerengere, akatswiri nafenso timaiwala.

Chimene sindinaike pamizere yanga n'chakuti mapiritsi amafuna kumezedwa. Anali akuluakulu ngati mabatani a jekete. Loyamba linadutsa ndi misozi. Lachiwiri linazungulira m'kamwa n'kubwerera. Ndinayesa kuwaphwanya ndi supuni n'kusungunula m'madzi, koma madziwo ankatulukira m'mphuno. Wogulitsa wotsika mtengo anali atafika ndi katundu, geti lili lokhoma. Sindinauze munthu. Ndinkalowa kubafa ndi kapu, n'kutsegula mpopi kuti uphimbe phokoso, n'kutuluka ndikupukuta pakamwa ngati zayenda.

Koma telala ndi munthu woona msoko wokhota ali patali. Mayi anasiya kupalasa n'kunditembenukira.

"Mapiritsi aja akutsika?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Nanga zoyera zili m'sinki zija ndi laimu? Bambo, zengerezu adalinda kwawukwawu. Ine makina ndadikira, ndidikirabe. Tiyeni akakubayeni."

Ndinatenga choko chawo cholembera nsalu, n'kulemba pa kachidutswa kakuda: LACHINAYI. Anawerenga, n'kupukuta ndi chala, n'kubwerera kumakina. Tsiku limenelo anapalasa mwaukali moti ndinkamva m'mano.

Lachinayilo sindinalifike ndili choyenda ndekha. M'mawa wa Lachitatu ndinadzuka pilo atanyowa, khosi litatupa mpaka kunja, kukamwa kukulola chala chimodzi chokha, nachonso chopendeketsa. Popuma pankamveka kaphokoso ngati ka ketulo yoyamba kuwira. Apa ndiye ndinachita mantha enieni. Ndinakwawira pabalaza, n'kulemba pansalu: SINGANO. KACHIPATALA KAJA. NDAVOMERA MTENGO.

Mayi anaimbira mchimwene wawo, mlamu wanga woyendetsa takisi, ndipo anafika asanatsuke n'kumaso komwe. Adokotala achitsikana aja atandiona sananene kuti "ndinakuuzani", ndipo kusanenako kunandipweteka kuposa akananena. Anayesa kulowetsa kathabwa kaja, kanakanika.

"Pano sizithekanso," anatero. "Singano ndiilowetsa pati? Ndiponso kutupaku kwayamba kutsikira m'munsi. Thamangani kuchipatala chachikulu, ndiwaimbira kuti akudikireni."

Ndinatambasula kansalu kanga kuwaonetsa mawu akuti NDAVOMERA MTENGO.

"Mtengo umenewo unali wa tsiku lija, bambo."

Ine, a Koteshoni, amene ndimakalipira anyamata a m'masitolo akaiwala kulemba tsiku lothera pa koteshoni yawo, ndinali nditaiwala kuti mtengo uliwonse uli ndi tsiku lothera.

Kuchipatala chachikulu anandikhazika pa njinga ya odwala, n'kundidutsitsa pawindo lomwe lija. Mayi wa pawindo anandizindikira. "Aa, si bambo a wotchi aja?" Anatchula ndalama yoyamba kulipira asanandilowetse ku opaleshoni, ndipo ndinaona akazi anga akutulutsa envelopu ya khaki, n'kuipereka yonse osawerenga. Ndinayamba kukupiza manja, kuloza envelopu, kuloza bondo lawo, kung'ung'udza ngati ng'ombe.

"Khalani chete," anatero akazi anga.

M'banja lathu lonse anali asanandiuzepo mawu amenewo, ndipo anasankha tsiku lomwe sindinkatha kulankhula. Wa pawindo anati envelopuyo yakwana poyambira, zotsala zidzafunika ndisanatuluke. Mayi anati, "Zipezeka." Anawerama n'kundipukuta dovu pachibwano ndi mpango wawo, pamaso pa anthu onse.

Za ku opaleshoni ndilibe umboni. Ndinaona magetsi oyera, wina anati ndipume kwambiri, kenaka ndinadzuka ndili m'wodi, dripi ili pamkono, m'kamwa mukukoma dzimbiri. Namwino anandiuza mokondwa kuchuluka kwa mafinya omwe anatuluka, ngati ndabereka mwana wonenepa. Koma ndinameza malovu, ndipo anatsika. Sindinadziwe kuti munthu angathokoze Mulungu chifukwa cha malovu.

Ndinagona m'wodimo masiku angapo. Mayi ankabwera nthawi iliyonse yoona odwala ndi supu wosefa m'botolo ndi jumbo la zosoka. Ankakhala pampando wapulasitiki n'kumapinda mpendero wa diresi la kasitomala ndi singano yapamanja, kamsoko kakang'onokang'ono, maso ali pafupi ndi nsalu. Mawu atayamba kubwerera, chinthu choyamba chanzeru chomwe ndinanena chinali chakuti:

"Mukudzivutitsiranji? Zimenezo mukanakathamangitsa pamakina kunyumba."

"Imwani supu," anayankha.

Ndinafunsanso za ndalama zotsala zija. Anati zalipiridwa. Ndinaganiza kuti mlamu watibwereka, ndipo ndinayamba kale kukonza m'mutu momubwezera pang'onopang'ono, n'kumadziyamikira kuti mkwiyo wa mlamu ndi wotsika mtengo kuposa chiwongoladzanja cha kubanki. Za envelopu sindinayerekeze kutchula. Usiku ndi usana inkandiyang'ana m'maganizo, yopanda kanthu, ndipo ndinalumbira chamumtima kuti ndidzaidzaza ndekha, ndipo makinawo ndidzagula pa sitolo yoyamba yomwe ndidzaione, ngakhale atadula bwanji. Pakadali pano, ndinkati, apirire ndi akale aja.

Tsiku lotuluka mlamu anatitula pakhomo n'kukana kulowa, akuti ali ndi kasitomala. Ndinalowa pabalaza ndikuyenda mwaulemu ngati mlendo. M'nyumba munali mowala modabwitsa, ndipo ndinaima kaye kufuna kudziwa chasintha n'chiyani. Windo linali lonse poyera. Pansi pake, pasimenti, panali timabowo tinayi tomwe miyendo yachitsulo inakumba pa zaka zonse zija, ndi kadontho ka oilo pakati. Mpando unalipo. Bokosi la ulusi linalipo.

"Makina ali kuti?"

Mayi anaika chikwama changa pasofa. "Ndinagulitsa."

"Kwa ndani?"

"Kwa bambo okonza makina aja, a pafupi ndi sitolo ya nsalu."

"Zingati?"

Anatchula. Ndinagwira khomo. Makina amenewo, achitsulo chenicheni, osapezekanso m'masitolo, ndikanawagulitsa kawiri kuposa pamenepo ndili mtulo. Manyazi anali atandikwera mpaka m'makutu, ndipo mwamuna akachita manyazi amafuna wokalipira. Mawu anga atsopano, omwe anagulidwa ndi makina awiri, amagetsi omwe sitinawaone ndi akale omwe anatidyetsa, ndinawagwiritsa ntchito yake yoyamba yaikulu.

"Akuberani masana! Munafunsa anthu angati?"

"Mmodzi."

"Mmodzi! Zaka zonsezi mukukhala ndi ine simunaphunzirepo kanthu? Pali telala wa pakona, pali sukulu yosoka ija, mukanangoimba foni..."

"Anati ali ndi ndalama m'manja, ndinati bweretsani. Ngolo anabwera nayo yekha."

"Ndiye mungogulitsa chonchi osayerekeza n'komwe?"

Sanakweze mawu. Anakhala pampando wosokera uja, kutsogolo kwake kulibe kanthu, n'kutulutsa diresi la kasitomala m'jumbo. Ananyowetsa ulusi ndi milomo, n'kuulunjika pa singano kuwindo. Unaphonya, anayesanso.

"Ndinaphunzira, bambo," anatero. "Munandiphunzitsa nokha. Munati chinthu chikakhala chopezeka malo amodzi, chopanda china cholowa m'malo mwake, sufunsa mitengo. Umangolipira."

Ulusi unalowa. Anaukoka, n'kumanga mfundo kumapeto.

"Ine sindimagulitsa makina tsiku lija. Ndimagula."

Ndinakhala pansi pasofa. Ndinafuna kunena mawu aja omwe ndinalephera kuwanena tsiku la lamba wa makina odulira makatoni, koma anali atandilanda, ndipo iwo anawalipira kale mtengo wonse. Ndinayang'ana phazi lawo lamanja. Linali pasimenti pakati pa timabowo tija, likukwera ndi kutsika pang'onopang'ono, kupalasa chopondera chomwe panalibe.

"Nthawi ya mapiritsi yakwana," anatero osadzutsa mutu. "Madzi ali patebulo."

Adokotala anali atanditsimikizira kuti pakhosi papola, palibenso chotchinga. Ndinaika piritsi palilime, ndinamwa madzi, ndipo linakana kutsika.